Foni ikayamba kufooka, musathamangire kugula yatsopano

Foni ikayamba kutha moto msanga, nthawi zambiri vuto limakhala batire lokha. Pitani nayo kwa wokonza mafoni akaikemo lina, ikutumikiraninso zaka zingapo. Mpweya wambiri wotenthetsa dziko umene foni imabweretsa umatuluka poipanga, kuyambira kumigodi mpaka kufakitale. Magetsi otchajira ndi kagawo kakang'ono chabe.

Batire la foni limadana ndi kutentha. Musaisiye padzuwa kapena pansi pa pilo ikutchajidwa, ndipo mukamva kuti yatentha, ivuleni kava. Musamadikirenso kuti izime yokha: ilumikizeni ikatsika kufika pa 20 peresenti, muichotse cha m'ma 80. Koma batire likatupa mpaka kutukula galasi, lekani kuigwiritsa ntchito tsiku lomwelo, chifukwa likhoza kuyaka.

Chimene ambiri sitiganizira n'chakuti amene amasintha foni chaka chilichonse si amene amalipira mtengo wake wonse. Cobalt woposa theka wa padziko lonse, amene amalowa m'mabatire, amachokera ku Democratic Republic of Congo, komwe ena amakumba ndi manja m'maenje oopsa. Mu 2022 dziko lonse lapansi linataya zinyalala za zipangizo zamagetsi zokwana matani 62 miliyoni, ndipo zosakwana kota ndizo zinasonkhanitsidwa mwadongosolo. Zina zimathera kwa anthu osauka amene amawotcha mawaya pofuna kopa, n'kumapuma utsi wapoizoni.

Ngati foni yafikadi pokana, musaiponye pamoto kapena kudzala. Fufutani zanu zonse, muipereke kwa wokonza. Galasi, sipika ndi potchajira zipulumutsa foni ya wina.