Mukamaphatikiza zitsamba ndi mankhwala a kuchipatala, dokotala adziwe

"Kodi pali mankhwala ena amene mukumwa?" Anamwino amafunsa funso limeneli tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri timayankha kuti ayi, chonsecho m'chikwama muli kabotolo ka mapiritsi azitsamba, kunyumba tasiya mphika wa mizu imene tikumwa m'mawa ndi madzulo. Ena amabisa poopa kukalipiridwa. Ena sabisa dala, amangoona ngati masamba si mankhwala. Malangizo anga lero agona pa "ayi" ameneyu.

Kuphatikiza chithandizo ndi pamene wodwala akulandira thandizo la kuchipatala, ndipo pambali pake akugwiritsanso ntchito njira zina, monga zitsamba, kutikita minofu, masewera olimbitsa thupi, kupuma mwakachetechete pofuna kukhazika mtima pansi, kapena acupuncture, kumene amabaya timasingano pakhungu. Koma zonsezi ziyende mogwirizana, wina akudziwa chimene mnzake akupereka. Gwiritsitsani mawu awiri awa: "pamodzi ndi" komanso "m'malo mwa". Kuwonjezera njira ina pamodzi ndi mankhwala a kuchipatala ndi nkhani yokambirana. Kutaya mapiritsi n'kumwa zitsamba m'malo mwake ndi nkhani ina. Ofufuza a ku yunivesite ya Yale ku America anaonetsa mu 2018 kuti odwala khansa yomwe inali isanafalikire, amene anakana chithandizo cha kuchipatala n'kutsata njira zina zokha, chiopsezo chawo cha imfa chinali chochuluka kawiri ndi theka kuposa cha anzawo amene analandira chithandizo cha kuchipatala.

Musandimve ngati ndikunyoza zomera. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America, ndipo asayansi a ku France anampatula mu 1820. Artemisinin, amene ali m'mankhwala a malungo a masiku ano, anapezedwa mu 1972 ndi mayi Tu Youyou wa ku China kuchokera ku chomera cha Artemisia annua, ndipo mu 2015 mayiyu analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyo. Mphamvu m'zomera ilimo ndithu. Vuto ndi muyeso. Piritsi lililonse lili ndi mlingo wofanana ndi linzake, pamene masamba a chomera chimodzi amasiyana mphamvu malinga ndi dothi, nyengo, kaumitsidwe ndi kaphikidwe. N'chifukwa chake bungwe la WHO sililola kuchiza malungo ndi tiyi wa Artemisia: mlingo ukapereŵera, tizilombo sitifa tonse, ndipo totsalato tingazoloŵere mankhwalawo.

Tsono taonani chimene chimachitika zinthu ziŵiri zikakumana m'thupi limodzi. Pali chomera chotchedwa St John's wort, chimene m'mayiko ambiri amagulitsa ngati chothandiza munthu amene ali ndi nkhawa kapena kukhumudwa. Chomerachi chimafulumizitsa chiwindi, moti chimaphwanya mankhwala ena msanga asanagwire ntchito. Munthu akumwa ma ARV mokhulupirika, saphonya ngakhale tsiku limodzi, koma m'magazi mankhwala akuchepa ndipo kachilombo kakupeza mpata. Mayi akumwa mapiritsi olera pa nthawi yake, n'kungozindikira kuti waima. Dokotala amene sanauzidwe amakanda mutu, mwina n'kuganiza kuti wodwalayo akunama zakuti amamwa mankhwala, mwinanso n'kusintha mankhwala amene analibe vuto. Zonsezi chifukwa cha kabotolo kamene sikanatchulidwe.

Zina zimachita mosiyana, zimawonjezera mphamvu. Chitsamba chotchedwa ginkgo chikakumana ndi warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, munthu angataye magazi mosavuta. Ichi n'chifukwa chake madokotala ogonetsa anthu pa opaleshoni amalangiza kusiya zitsamba pafupifupi milungu iŵiri tsiku la opaleshoni lisanafike. Ndipo mawu akuti "zachilengedwe" pa botolo asakupusitseni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku Belgium, amayi ambiri amene ankamwa mapiritsi azitsamba ochepetsa thupi anawonongeka impso, chifukwa m'mapiritsimo munaloŵa chomera cha Aristolochia. Ena mpaka anafunika kuikidwa impso zina.

Pali malo amene kuphatikiza kumathandizadi, makamaka pa matenda okhalitsa ndi ululu. Mu 2017 bungwe la madokotala a ku America la American College of Physicians linalangiza kuti munthu wa msana wopweteka ayambe ndi njira zosamwa mankhwala, monga kuthowa ndi chofunda, kutikita, acupuncture kapena masewera olimbitsa thupi, mapiritsi abwere pambuyo. Kwa wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi, kuyenda ndawala, kugona mokwanira ndi kuchepetsa nkhawa zimathandiza mapiritsi kugwira bwino ntchito. Ine ndimakonda njira zoterezi chifukwa sizilimbana ndi mankhwala m'chiwindi. Koma shuga akatsika, amene achepetse mlingo wa mapiritsi ndi dokotala atayeza, osati inuyo chifukwa mukumva bwino.

Nanga muchite chiyani? Popita kuchipatala, tengani chilichonse chimene mukumwa, ndi mabotolo ake omwe. Ngati ndi mizu kapena masamba opanda dzina lolembedwa, tengani kachidutswa, nenani amene anakupatsani anachitcha chiyani, mumamwa kangati ndiponso munayamba liti. Mukafuna kuyesa njira yatsopano, funsani kaye, kenako yambani chimodzi chokha. Mukayamba zitatu nthawi imodzi, thupi likachita zidzolo simudzadziŵa cholakwa. Lembani m'kope tsiku loyamba ndi mmene mukumvera, ndipo gwirizanani nthawi yoti muonenso ngati chathandiza. Chikapanda kuthandiza, chisiyeni, ndalama zanu zisamangopita. Aliyense wokuuzani kuti musiye ma ARV, insulin kapena mankhwala a TB kuti ake agwire ntchito, kapena wolonjeza botolo limodzi lochiza nthenda zonse, muthaŵeni. Amayi oyembekezera, oyamwitsa, ana aang'ono ndi onse a vuto la impso kapena chiwindi asamwe chitsamba chilichonse asanafunse.

Anzanga azaumoyo, nanunso muli ndi mbali yanu. Wodwala akatulutsa kabotolo kake inu n'kuseka kapena kukweza mawu, ulendo wotsatira adzakasiya kunyumba koma sadzasiya kumwa. Funsani mofatsa kuti, "Kupatula awa, palinso china chimene chikukuthandizani?" Lembani yankholo m'buku lake la kuchipatala, ndipo muuzeni zizindikiro zoti asiye kumwa n'kubwerera tsiku lomwelo: maso achikasu, mkodzo wakuda, kutupa nkhope kapena miyendo, zidzolo thupi lonse, kusanza kosalekeza, ndi magazi otuluka m'nkhama kapena m'mphuno popanda chifukwa.