Kumwetsa wodwala mofini pakhomo: malangizo kwa magadiyani

Wodwala khansa kapena matenda ena osachiritsika akatulutsidwa m'chipatala ndi botolo la mofini wamadzi, mankhwala amphamvu ochepetsa ululu, mabanja ambiri amalibisa kuseri kwa thumba la ufa. Amati achipatala amutaya, ndipo mankhwalawo ndi omutsiriza. Wodwala amachezera kubuula usiku wonse, botolo lili chitsekere. Mofini womwetsedwa pa mlingo wake sapha munthu ndipo samusandutsa chidakwa cha mankhwala. Ambiri ululu ukachepa amayambanso kudya, kugona, ngakhale kutuluka kukaothera dzuwa pakhonde. Malo osamalira odwala matenda osachiritsika ngati Tiyanjane ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Ndi Moyo ku Salima akhala akupereka mankhwalawa kwa zaka zambiri.

Chachikulu ndi nthawi. Mofini wamadzi amagwira ntchito pafupifupi maola anayi, kenako mphamvu yake imatha. Choncho musadikire kuti wodwala alire kaye. Mumwetseni 6 koloko m'mawa, 10 koloko, 2 koloko masana, 6 koloko madzulo, kenako 10 koloko usiku. Nthawi zambiri achipatala amalangiza kuti pa 10 koloko usikupo mlingo ukhale wowirikiza kawiri, kuti wodwala ndi gadiyani agone mpaka kucha osadzukanso 2 koloko. Tcherani alamu ya pa foni. Ululu umene wabwerera kale umavuta kuugonjetsa kuposa umene mwautsekereza usanafike.

Yezani ndi sirinji yopanda singano imene akupatsani, osati sipuni ya tiyi, pakuti masipuni a m'nyumba amasiyana kukula. Tsirani pang'onopang'ono m'mbali mwa tsaya, wodwala atatsamira. Mofini wamadzi alipo wofooka ndi wamphamvu, ndipo wamphamvuyo amaposa mnzake kakhumi. Mukalandira botolo latsopano, werengani zolembedwapo ndipo funsani mamililita oti muziyeza musanachoke pa windo la mankhwala. Ngozi imatha kuyambira apa, pamene botolo lasintha koma gadiyani akuyezabe monga kale.

Ululu ukabwera pakati pa nthawi, perekani mlingo wowonjezera umene anakuuzani, ndipo lembani m'kope ola lake. Pofunsa za ululu gwiritsani ntchito dzanja: chibakera ndiye kuti palibe ululu, zala zonse zisanu ndiye kuti wafika posapiririka. Wodwala akafuna mlingo wowonjezera katatu kapena kuposa pa tsiku, tengani kopelo ndi buku lake la kuchipatala mukaonane ndi achipatala kuti akonze mlingo. Musakweze nokha.

Vuto limene silisiya wakumwa mofini aliyense ndi kudzimbidwa. Mofini amachedwetsa matumbo, ndipo thupi silizolowera zimenezi ngakhale patapita miyezi. Mankhwala ofewetsa m'mimba ngati bisacodyl ayambe tsiku lomwelo limene mofini wayamba. Mpatseni madzi pafupipafupi, papaya wakupsa, mango ndi masamba. Akatha masiku atatu osachita chimbudzi, nenani msanga. Chimbudzi chouma chikatseka, nthawi zina mumatuluka tamadzi tokha, ndiye banja limayesa kutsekula m'mimba n'kusiya mankhwala ofewetsawo, zinthu n'kuipiraipira. Nseru ndi tulo tambiri zimabwera masiku oyamba ndipo zimatha pasanathe sabata. Zimenezi si chifukwa chotayira botolo.

Koma wodwala akamavuta kudzutsa, akamakoka mpweya patalipatali kwambiri, akamanjenjemera mwadzidzidzi manja kapena kubwebweta, musapereke mlingo wotsatira, itanani achipatala. Izi zimachitika makamaka mkodzo ukachepa, chifukwa impso zikafooka mankhwala amaunjikana m'thupi. Amene wamwa mofini kwa masabata asasiye mwadzidzidzi, pakuti amatuluka thukuta, kutsekula m'mimba ndi kusowa mtendere. N'chifukwa chake pitani kukatenga wina botolo likadali ndi wa masiku atatu, makamaka nyengo ya dzinja pamene mitsinje imadzaza.

Masiku otsiriza wodwala amakana nsima ndi phala. Apa mtima wa gadiyani umapweteka, ndipo achibale amayamba kunong'ona kuti akumumana chakudya. Musamukakamize: munthu wofooka amatsamwa, chakudya n'kulowa m'mapapo. Nyowetsani milomo ndi kansalu koyera koviika m'madzi, pakani Vaseline, ndipo mutembenuzeni maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda m'chiuno ndi m'zidendene. Ngakhale sakuyankhula, ululu amaumvabe; muona atakwinya nkhope kapena kubuula pomutembenuza. Funsani achipatala momwe mungapitirizire mankhwala akalephera kumeza. Muziyankhula naye modekha, pomutchula monga mwa masiku onse.

Botolo lizikhala pamalo okwera, pamthunzi, kutali ndi ana. Musagawireko mnansi amene akumva msana. Maliro akatha, mofini wotsala mubwezeni ku chipatala kumene munamutenga.