Kamba wanga anayambanso kudya

Kamba wanga atangofika anatha masiku asanu osakhudza chakudya, chimbudzi chili chamadzimadzi. Ndinkamunyengerera ndi zipatso, osadziwa kuti shuga wake amatsegula m'mimba akamba odya udzu.

Vuto lenileni linali kuzizira. Thupi la kamba limadalira kutentha kwa pamalo, ndiye akazizidwa chakudya sichigayika. Nditayeza, mokhalamo munali madigiri 21 okha. Ndinaika getsi lotenthetsa pakona imodzi mpaka kufika 32, mbali inayo n'kuisiya yozizirirapo. M'mawa uliwonse ndinkamuviika m'madzi ofunda olekeza pachibwano kwa mphindi 15. Kumunyamulanyamula ndinasiya, ngakhale manja ankayabwa.

Tsiku lachinayi ndinamupeza akukadzula tsamba, khosi lili tolotolo. Chimbudzi ndinapita nachobe kwa dokotala wa ziweto. Anapezamo njoka zam'mimba, ndipo anayamba wamuyeza pasikelo asanamupatse mankhwala.