Momwe mungakonzere nokha ulendo wokayendera dziko la India pa sitima yapamtunda

Munthu amene akufuna kukacheza ku India popanda kudalira kampani yokonza maulendo ayenera kuyamba wavomereza kuti dzikolo sangalimalize pa ulendo umodzi. Kukula kwake kumaposa Malawi pafupifupi ka 28, lili ndi anthu opitirira 1.4 biliyoni, zigawo 28 zokhala ndi maboma awoawo, ndipo malamulo ake amazindikira zilankhulo 22. Sitima yochoka ku Delhi kupita ku Kerala, kum'mwera kwenikweni, imatha pafupifupi masiku awiri ili panjira. Amene amalemba Delhi, Kolkata, Goa ndi Kerala pa pepala limodzi kuti akaone zonsezo m'masabata awiri amabwerako atangoona masiteshoni ndi mabwalo a ndege, thupi lili lotheratu. Langizo langa ndi lakuti musankhe mbali imodzi ya dzikolo, mugule matikiti a sitima nthawi ikadalipo, kenaka zina zonse muzikonze potsatira masiku a sitimazo.

Choyamba: sankhani dera ndi nyengo

Kwa munthu wopita koyamba amene ali ndi masabata awiri, kumpoto ndiko koyenera. Mutha kukhala masiku atatu ku Delhi kuti muone Red Fort, mzikiti waukulu wa Jama Masjid, manda a mfumu Humayun ndi nsanja ya Qutub Minar. Kenaka masiku atatu ku Jaipur, komwe kuli linga la Amber ndi nyumba ya Hawa Mahal yomangidwa mu 1799. Kuchoka apo n'kupita ku Agra, ndipo mukadzera pamsewu muime pa Fatehpur Sikri, mzinda umene mfumu Akbar adamanga n'kuusiya patangopita zaka zochepa. Kuchoka ku Agra mukwere sitima ya usiku kupita ku Varanasi, m'mbali mwa mtsinje wa Ganges, musanabwerere ku Delhi. Poika masiku, kumbukirani kuti Taj Mahal ya ku Agra, manda amene Shah Jahan adamangira mkazi wake Mumtaz Mahal atamwalira mu 1631, satsegulira alendo Lachisanu. Anthu ambiri afikapo ku Agra Lachinayi usiku n'kumangoyang'ana chimangocho ali kutsidya kwa mtsinje wa Yamuna.

Nyengo yabwino ndi yoyambira mu Okutobala mpaka Malichi. Kuyambira Epulo mpaka Juni kumpoto kumatentha kupitirira madigiri 40, kutentha kofanana ndi kwa ku Nsanje mwezi wa Okutobala koma m'mizinda yothithikana anthu ndi galimoto. Mvula yamphamvu imayambira ku Kerala chakumayambiriro kwa Juni ndipo imafalikira dziko lonse mpaka Seputembala. Ngakhale miyezi yabwinoyo ili ndi zovuta zake: mu Novembala mpweya wa ku Delhi umadzaza utsi, zomwe odwala mphumu ayenera kuziganizira mofatsa, ndipo kumapeto kwa Disembala ndi mu Januwale chifunga chimachedwetsa sitima ndi ndege kwa maola ambiri. Febuluwale ndi kumayambiriro kwa Malichi ndiyo nthawi imene ine ndingasankhe. Masiku oyandikana ndi zikondwerero za Diwali ndi Holi sitima zimadzaziratu, chifukwa aliyense amakhala akupita kumudzi kwawo.

Chachiwiri: zikalata ndi katemera

Pasipoti yanu ikhale ndi miyezi yosachepera 6 isanathe ntchito kuwerengera tsiku lofika, komanso masamba awiri opanda chidindo. Amalawi amaloledwa kupempha viza ya pa intaneti kudzera pa tsamba la boma la India la indianvisaonline.gov.in, ndipo ya alendo ongocheza ilipo ya masiku 30, ya chaka chimodzi ndi ya zaka zisanu. Pali masamba ambiri otengera maonekedwe a tsamba la bomali omwe amalipiritsa ndalama zowonjezera, choncho lembani nokha adiresiyo m'malo modina chilichonse chimene chabwera pamwamba mukafufuza. Viza ya masiku 30 imapemphedwa kukatsala masiku osapitirira 30 ndiponso osachepera 4 kuti mufike, ndipo yankho likabwera mulisindikize papepala. Amene cholinga chawo ndi kukalandira thandizo lachipatala, monga achitira Amalawi ambiri masiku ano, asagwiritse ntchito viza ya alendo ongocheza, popeza ya odwala ndi ya owadwazika ndi ina. Ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe ingawalongosolere.

Nkhani ya katemera isachedwetsedwe. Ndege zochoka pa bwalo la Kamuzu kapena la Chileka kawirikawiri zimadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, ndipo Ethiopia ndi Kenya ali m'gulu la maiko amene India amawaona kuti kuli matenda a yellow fever. Ngati ulendo wanu ukufuna kuti mugone mu hotelo kunja kwa bwalo la ndege podikira ndege ina, mudzafunsidwa khadi lachikasu la katemerayo, ndipo wopanda khadilo akhoza kusungidwa payekha mpaka masiku 6. Katemerayu amayamba kuwerengedwa patatha masiku 10 chibayireni. Funsaninso ku ofesi ya kazembe za khadi la katemera wa poliyo, chifukwa India amalifuna kwa ochokera m'maiko amene matendawa aonekako, ndipo kwathu kuno adapezeka mu 2022.

Chachitatu: matikiti a sitima

Apa ndi pamene pagona ulendo wonse. Matikiti amagulitsidwa pa tsamba la pa intaneti la IRCTC, kampani ya boma yogulitsa matikiti a sitima, ndipo kuyambira pa 1 Novembala 2024 amayamba kugulitsidwa kukatsala masiku 60 kuti sitima inyamuke, osati 120 monga kale. Izi zikutanthauza kuti matikiti a sitima mudzawagula musanapemphe n'komwe viza ya masiku 30, ndipo zimenezo zisakudetseni nkhawa. Tsegulani akaunti yanu kukadali sabata zingapo, chifukwa kulembetsa ndi nambala ya foni yakunja kumafuna kulipira kandalama kochepa ndi kudikira uthenga wotsimikizira, komanso makhadi ena a banki akunja amakanidwa. Zikavuta, pali makampani a pa intaneti ogulira anthu matikiti omwewo moonjezera pang'ono mtengo. Sitima zina zimasungira alendo akunja malo ochepa, omwe angathe kugulidwa ngakhale kukatsala chaka chathunthu.

Mabogi ali m'magulu, ndipo zilembo zake muyenera kuzidziwa. Pa ulendo wa usiku sankhani 2A kapena 3A, omwe ndi mabogi ozizira okhala ndi mabedi osanjikizana awiriawiri kapena atatuatatu. Gulu la SL ndi lotsika mtengo kwambiri, mazenera ake ndi otsegula, koma usiku wa mu Januwale mumazizira koopsa ndipo zofunda sapereka. Pa ulendo wa masana, CC ndi mipando yabwino m'sitima zothamanga monga Shatabdi ndi Vande Bharat. Ya Vande Bharat imayenda pakati pa Varanasi ndi Delhi pafupifupi maola 8, pamene Gatimaan Express imafika ku Agra kuchoka ku Delhi m'mphindi pafupifupi 100.

Tikiti ikalembedwa CNF ndiye kuti malo anu ndi otsimikizika. Ikalembedwa RAC mudzakwera, koma mwina mudzagawana bedi limodzi ndi munthu wina, nonse muli chikhalire. Ikalembedwa WL muli pamndandanda wodikira, ndipo tikiti yotere yogulidwa pa intaneti imafafanizidwa yokha ngati malo sanapezeke, kotero simuloledwa kukwera nayo. Ndikuchenjezani kuti musamange ulendo wanu pa WL poyembekeza mwayi, ngakhalenso pa matikiti a Tatkal ogulitsidwa kukatsala tsiku limodzi, omwe amatha m'mphindi zochepa. Tikiti iliyonse ili ndi nambala ya PNR ya manambala 10, imene mumaonera bogi ndi bedi lanu.

Yang'anitsitsani dzina la siteshoni. Mzinda wa Delhi uli ndi masiteshoni akuluakulu angapo, monga New Delhi, Old Delhi, Hazrat Nizamuddin ndi Anand Vihar, ndipo ndi otalikirana moti kulakwitsa kumatanthauza kusiyidwa. Gatimaan imanyamukira pa Hazrat Nizamuddin. Sitima zina zopita ku Varanasi zimaima pa Pt. Deen Dayal Upadhyaya Junction, imene kale inkatchedwa Mughalsarai, kutsidya lina la mtsinje wa Ganges.

Usiku wa m'bogi la 3A ndi chinthu chosaiwalika. Mumapeza pabedi panu bulangete, pilo ndi nsalu zofunda ziwiri zokutidwa m'pepala lakhaki. Banja loyandikana nanu limatsegula zitini za chakudya chochokera kunyumba, ndipo kawirikawiri limakupatsaniko chapati musanapemphe. Cha m'ma 9 koloko bedi lapakati limatambasulidwa n'kukolowekedwa pa maunyolo ake, nyali n'kuzimitsidwa. Kukamacha mumadzutsidwa ndi mawu a wogulitsa tiyi akudutsa m'kanjira akuitana kuti "chai, chai". Ngati muli ndi mphamvu zokwera, pemphani bedi lapamwamba, chifukwa lapansi masana limakhala mpando wa anthu onse atatu. Chikwama chachikulu chilowe pansi pa bedi ndipo muchimangirire ndi tcheni ndi loko, koma pasipoti, ndalama ndi foni zigone pathupi panu.

Chachinayi: ndalama, foni ndi pogona

Ndalama ya kumeneko ndi rupee. Poti ndalama zakunja zimavuta kupeza m'mabanki athu, yambani msanga kupempha madola, mutatenga tikiti ya ndege ndi pasipoti, ndipo mufunsenso malire a ndalama zimene khadi lanu lingatulutse kunja. Amwenye ambiri amalipira ndi foni kudzera pa njira ya UPI, ngakhale pogula nthochi pamsika, koma mlendo amavutika kulowa m'njirayi, choncho muzikhala ndi ndalama zing'onozing'ono za 10, 20, 50 ndi 100. Pa malo a mbiri yakale alendo akunja amalipira zambiri kuposa eni dziko, ndipo zimenezi muziwerengeretu. Simukhadi ya Airtel kapena Jio imafuna pasipoti, viza ndi chithunzi, ndipo n'kwapafupi kuigula pa bwalo la ndege pomwepo. Masoketi awo ndi a mapini obulungira, osati a makona ngati athu, ndiye mutenge adaputala. Nthawi yawo ili patsogolo pa yathu ndi maola atatu ndi theka.

Posungitsa malo ogona, tsimikizani kuti hoteloyo imalandira alendo akunja, chifukwa lamulo limafuna kuti iwalembetse ku boma pa fomu yapadera ya alendo akunja, ndipo tinyumba tina totsika mtengo timakana mlendo pakhomo pofuna kupewa ntchitoyo.

Chachisanu: mukafika

Pa bwalo la ndege la Delhi kwerani sitima ya Airport Express yopita ku siteshoni ya New Delhi, kapena lipiriranitu takisi pa kauntala yovomerezeka, kapenanso itanani takisi pafoni kudzera pa Uber ngakhale Ola. Munthu akakuuzani kuti hotelo yanu yatsekedwa, msewu watsekedwa chifukwa cha chikondwerero, kapena ofesi ya matikiti a alendo yasamuka, musamumvere. Ndi chinyengo chakalekale chofuna kukulowetsani mu ofesi yabodza yogulitsa maulendo odula. Pokwera njinga zamoto za matayala atatu gwirizanani mtengo musanakhale pansi. Amayi adziwe kuti sitima zoyenda mumzinda za Delhi Metro zili ndi bogi la amayi okhaokha. Nambala ya zangozi ndi 112, ya za sitima ndi 139, ndipo yothandiza alendo ndi 1363.

Madzi akumwa akhale a m'botolo losatsegulidwa, ndipo mupewe ayisi ndi zipatso zosendedwa kale. Idyani pamalo podzaza anthu pomwe chakudya chikuphikidwa mukuona. Mbale ya thali, yokhala ndi mpunga, chapati, nyemba za dal ndi ndiwo zamasamba zingapo, imakhutitsa pamtengo wochepa. Kudya ndi dzanja lamanja sikudzakuvutani inu ozolowera nsima. Tengani mapaketi a Thanzi ORS ndi mafuta othamangitsa udzudzu, popeza kulinso malungo ndi matenda a dengue. Polowa m'kachisi kapena mumzikiti vulani nsapato ndi kuvala zobisa mapewa ndi mawondo, ndipo ku Varanasi, pa Manikarnika Ghat, malo a m'mbali mwa mtsinje pomwe amatentherapo mitembo, musajambule chithunzi chilichonse, chifukwa amene aima pamenepo ndi anamfedwa. Mwambo wa nyali wa madzulo pa Dashashwamedh Ghat ndiwo mungauonere momasuka, makamaka muli m'bwato.

Potsiriza, konzani kuti mubwerere ku mzinda wokwerera ndege kukatsala usiku umodzi wathunthu, kapena awiri ngati mukuyenda m'miyezi ya chifunga. Sitima yochokera ku Varanasi ikachedwa maola 6, mudzakhalabe ndi nthawi yogona, kulongedza katundu ndi kusinthanso ma rupee otsala musanalowe m'bwalo la ndege, popeza mukafika nawo kuno simudzapeza kowasinthira mosavuta.