Mmene tingasungire mawu a anthu amene anapulumutsa anzawo pa madzi osefukira ku Chigwa cha Shire

Madzi akaphwa, chimene chimatsala m'malipoti ndi manambala: anthu angati amwalira, nyumba zingati zagwa, matumba angati a ufa agawidwa. Dzina la bambo amene anapalasa bwato kukatsitsa anthu mumtengo ku Makhanga simungalipezemo. Ndipo kuno ku Chikwawa ndi Nsanje ngozi zakhala zikupondana: madzi a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi chaka chomwecho, kenako Freddy mu Malichi 2023, pamene dziko lonse linakhuza maliro masiku 14. Munthu amene anagwira ntchito pa ngozi zonsezi zaka zimayamba kumusokonekera, za 2015 n'kumazinena ngati za Freddy. N'chifukwa chake ntchito yojambula mawu awo siyofunika kuizengereza.

Yambani ndi kulemba mndandanda wa anthu. Asilikali a MDF, apolisi ndi a Red Cross aliyense amawakumbukira, ngakhale ambiri anasamutsidwa kale ndipo ena amafunika chilolezo cha akuluakulu awo asanayankhule. Amene amaiwalika ndi a m'mudzi momwemo: asodzi ndi eni mabwato, mamembala a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi (VCPC), alangizi a zaumoyo, anamwino, aphunzitsi amene sukulu zawo zinasanduka misasa, amayi amene ankaphika pamsasa, komanso adzukulu amene anaika m'manda mitembo yosadziwika eni ake. Anthu 10 kapena 12 pa dera limodzi akwanira poyamba.

Musalowe m'mudzi osadzera kwa mfumu. Pomwepo nenani mosapita m'mbali kuti si kalembera wa thandizo ndipo palibe cholowa. Kuno munthu wonyamula kope ndi cholembera amaoneka ngati wabwera kudzalemba mayina a olandira ufa. Mukapanda kulongosola, mudzapeza khamu likukudikirani pansi pa mtengo, aliyense akukuza zimene anataya, ndipo nkhani yeniyeni simuimva.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, misewu ya ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire, ikamadutsika. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa la kuno limatenthetsa foni mpaka kuzima yokha, munthunso sangakhale pansi ola lathunthu. Chezani m'mawa kapena dzuwa litapendeka.

Zida si zambiri. Foni wamba ikwanira bola ili ndi moto wodzaza, pawa banki pambali, ndi malo osachepera 1 GB. Ola limodzi la mawu osungidwa mu fayilo ya mtundu wa MP3 kapena M4A limadya pafupifupi 60 MB, pamene a mtundu wa WAV, amene amamveka bwino koposa, amadya 300 MB kapena kuwirikiza kawiri. Ikani foni pa airplane mode, apo ayi wina akangoimba kujambula kumaduka inu osadziwa. Foniyo igonekeni pa chitenje chopinda, patebulo kapena pampando, mtunda wa masentimita pafupifupi 30 kuchokera pakamwa pa wolankhula. Mukaigwira m'manja, chimene mudzamve ndi kukhwekhwereza kwa zala zanu. Pewani mphepo, chigayo ndi wailesi ya oyandikana nawo. Jambulani masekondi 30 kaye, mumvetsere, kenako yambani.

Mawu oyamba pa fayilo akhale tsiku, malo, dzina lanu, ndi chilolezo cha mwini nkhani m'mawu akeake. Funsani zinthu zitatu padera: kodi alola kujambulidwa, kodi dzina lawo litchulidwe, kodi mawuwo angaulutsidwe pawailesi kapena pa intaneti. Ambiri amavomera choyamba n'kukana chachitatu, ndipo ndi ufulu wawo.

Pa kafunsidwe ndi pamene ambiri amaphonya. Funso lakuti "Munamva bwanji?" limabweretsa yankho limodzi lokha: zinali zovuta. Funsani za zinthu zogwirika. "Bambo, uthenga unakupezani muli kuti?" "Bwatolo linali la ndani, ndipo munkakweza anthu angati ulendo umodzi?" "Mayi, madzi anafika pati pa khoma la sukulu?" "Munkasankha bwanji woyamba kukwera?" Funso lomalizali ndi lolemera, musalifunse koyambirira. Pofuna kutsimikiza chaka, musafunse deti; funsani kuti chimanga chinali pa msinkhu wanji, mwana wawo uja anali sitandade chani, madzi anachokera ku Ruo, ku Mwanza kapena ku Shire. Wolankhula akalowa m'Chisena kapena m'Chimang'anja chenicheni, musamubweze, pakuti pamenepo ndiye wafika pamtima pa nkhani. Kumasulira mudzachita kunyumba.

Akakhala chete, inunso khalani chete. Akayamba kulira kapena kunjenjemera, imitsani foni, apatseni madzi, muwafunse ngati mupitirize lero, tsiku lina, kapena basi. Musapitirire ola limodzi ndi theka, ndipo musamusiye munthu ali pakati pa za mitembo. Malizani ndi za mmene moyo ulili panopa. Patapita masiku awiri kapena atatu, kawaoneninso. Chezani ndi mmodzimmodzi, chifukwa pagulu wamkulu akanena, ena onse amangovomereza. Mayina a omwalira ndi a ana musawatulutse popanda kufunsa abale awo.

Tsiku lomwelo sinthani dzina la fayilo, likhale ndi chaka, mwezi, tsiku, malo ndi nambala, monga 2025-06-14 Bangula 01. Mayina a anthu akhale m'kope lapadera. Kulemba papepala ola limodzi la mawu kumatenga maola 5 kapena kuposa, choncho musaunjike. Zithunzi zakale, makope a kalembera wa pamsasa ndi mauthenga a pa WhatsApp a masiku angoziwo zikopereninso, koma chithunzi chitumizidwe ngati document, chifukwa njira wamba ija imachichepetsa.

Sungani makope atatu a fayilo iliyonse. Limodzi pakompyuta, lina pa fulashi kapena memori khadi yotsekeredwa m'botolo louma lotseka bwino, lachitatu kutali ndi chigwa, kwa munthu wodalirika ku Blantyre kapena ku Thyolo, kapenanso pa Google Drive. Makope onse akakhala m'mudzi umodzi, madzi omwewo adzawatenga tsiku limodzi. Mapepala aikeni m'ndowa yapulasitiki yovindikira, pamwamba, kutali ndi khoma chifukwa cha chiswe. Kamodzi pachaka, mvula isanayambe, tsegulani mafayilo onse muone ngati akulirabe, popeza memori khadi imafa osachenjeza. Ntchito ikakula, kambiranani ndi a National Archives ku Zomba za kusungako kope. Mwini nkhani nayenso mupatseni lake, pa foni yake kapena ya mwana wake.