Momwe mungaphunzitsire kusamba m'manja pogwiritsa ntchito mpondagiya

Mwana wa sitandade 4 ku Chikwawa kapena ku Nsanje mukamufunsa nthawi yosamba m'manja, ayankha mosajejema kuti pochokera kuchimbudzi komanso tisanadye. Koma imani pafupi ndi zimbudzi nthawi ya buleki, muone angati akusambadi. Pakhomo pa chimbudzi pakakhala palibe madzi, phunziro la Life Skills limathera pa bolodi. Kuno kuchigwa cha Shire nkhaniyi ndi ya moyo. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo madzi akasefukira, ngati nthawi ya namondwe wa Ana ndi wa Freddy, zimbudzi zimagwa ndipo sukulu zathu zomwezi ndi zimene zimasanduka makampu.

Phunziroli lipatseni mapiriyodi awiri. Yoyamba ndi ya m'kalasi. Sinjani makala pang'ono, musakanize ndi supuni imodzi ya mafuta ophikira, mupake m'manja mwa mwana mmodzi. Apereke moni kwa mnzake, mnzakeyo kwa wina, mpaka ana khumi, kenako onse akweze manja. Wachisanu ndi chitatu amapezekabe ndi zakuda. Mukatero ikani beseni la madzi, onse khumi asambemo monga timachitira kunyumba nsima ikafika, ndipo mufunse kalasi kuti womalizayo wasamba kapena wadzipaka. Musawayankhire, asiyeni atsutsane, ngakhale m'Chisena. Fotokozani kuti tizilombo ta kolera ndi ta matenda otsegula m'mimba timayenda chimodzimodzi, kungoti sitioneka, n'chifukwa chake madzi osambira ayenera kukhala othirira.

Piriyodi yachiwiri ndi yomanga mpondagiya, chigubu cholendewera chimene chimathira madzi osambira m'manja munthu akaponda mtengo. Mufunika chigubu cha malita 5 chokhala ndi chogwirira, mitengo iwiri ya mphanda yotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, mtengo wopingasa, mtengo wopondapo wotalika mita imodzi, chingwe cha nayiloni, msomali, kandulo ndi zidutswa za njerwa. Pa chigubu samalani kwambiri. Kuno kumalimidwa thonje, ndipo pamsika ena amatsuka zigubu zomwe munali mankhwala opopera mbewu kapena petulo n'kumagulitsa motchipa. Tsegulani, nunkhizani, ndipo fungo likakukayikitsani chisiyeni, chifukwa ana aang'ono amamwako madziwo. Chabwino ndi cha mafuta ophikira, chomwe amayi a mother group angapeze kwa ophika mandasi osawononga ndalama ya SIG, yomwe boma limapereka yotukulira sukulu.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa bowo. Amaboola chigubu chili pansi, kenako pochipachika madzi amangodontha okha, kapena satuluka n'komwe mwana akaponda. Yambani mwathira madzi osadzaza, mulowetse mtengo wopingasa m'chogwirira, anthu awiri anyamule uku ndi uku. Chigubu chipendekeka chokha. Kumbali yomwe ili kunsi kwa chitsekerero, onani pamene madzi alekezera, muike chizindikiro pamwamba pake pang'ono. Pa zigubu zambiri malowa amakhala masentimita 10 mpaka 12 kuchokera pa chitsekerero. Pamenepo ndiye pa bowo, ndipo mzere wa madziwo ujambuleni ndi penti kuti ana azidziwa polekezera akamathira.

Msomali ukhale waung'ono, wa mainchesi awiri. Wotenthetsedwa pa kandulo, uwu umasiya bowo la mamilimita awiri kapena atatu, lomwe limatulutsa kamtsinje kokwanira kusambira. Msomali wa mainchesi 6 umaboola chibowo chimene chimamaliza malita asanu ana ochepa okha atasamba, otsalawo n'kupeza chigubu chouma. Muugwire ndi pulayala, mulowetse kamodzi n'kutulutsa osaugwedeza, ndipo ntchito iyi ndi ya aphunzitsi, osati ana. Chinanso, chitsekerero chikamangidwa kwambiri mpweya sulowa, madzi amatuluka modukizadukiza kenako n'kusiya. Boolani kabowo kena pamwamba, pafupi ndi chogwirira. Bowo loyamba likalakwika musavutike kulimata ndi pulasitiki yosungunula, pakutentha kwa mu Okotobala limatsegukanso. Tengani chigubu china.

Mphanda zikumbireni pansi masentimita 40 ndipo mutsendere bwino, popeza dothi la mchenga limalekerera mtengo. Kunsi kwake kuwaule pamoto kuti chiswe chichedwe kudya. Chigubu chilendewere pa msinkhu wa chifuwa cha mwana wa kalasi imene izigwiritsa ntchito, osati wa aphunzitsi. Mangani chingwe pakhosi pa chigubu, mbali inayo kunsonga ya mtengo wopondapo, nsongayo ikhale m'mwamba masentimita ngati 15. Pansi pake kumbani kadzenje mudzaze zidutswa za njerwa, apo ayi pachita matope ndipo udzudzu upeza poswana. Ngati pali mthunzi wa nimu pafupi ndi chimbudzi imikani pamenepo, dzuwa la kuno limaumitsa pulasitiki mpaka kusweka.

Sopo mubooleni pakati, mumangirire pa chingwe, mumuvindikire ndi botolo lodula kuti mbuzi ndi mvula zisamumalize. Dulani tizidutswa ting'onoting'ono, wamtanda wathunthu sagonera pasukulu. Akatha, phulusa losefa m'kachitini ligwira ntchito. Madzi a mijigo ina ku Ngabu ndi madera ozungulira ndi amchere ndipo sopo sachita thovu msanga, choncho auzeni ana apitirize kutikita mpaka atawerenga 20, pakati pa zala ndi m'zikhadabo momwe, kenako aumitse manja pongowagwedeza, osapukutira yunifolomu.

Madzi akakhala a pachitsime kapena a mumtsinje, pemphani klorini kwa a HSA, alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, ndipo akuuzeni mlingo wake, mudikire mphindi 30 musanathire m'chigubu. Kalasi ya ana 100 imafuna mipondagiya itatu kapena inayi, ina kwa atsikana, ina kwa anyamata, ndi umodzi pamene amalandirira phala. Lembani mayina a othira madzi sabata iliyonse, anyamata ndi atsikana mofanana, azithira m'mawa ndi buleki isanakwane. Lachisanu lililonse tsukani zigubu ndi kuona zingwe.