Nyengo ikasintha muli m'mwamba: momwe mungachitire ndi kandege kanu

Kuno ku Kasungu tili ndi bwalo lathu la ndege komanso kena kakang'ono ku Lifupa mu paki muja, ndiye tindege ta anthu awiri kapena anayi timaterako ndithu. Inu amene mumaulutsa timeneti podalira maso, zija amati VFR, tamverani.

Choyamba, yambirani pansi injini isanalire. Onani METAR (lipoti la nyengo ya panopa) ndi TAF (ulosi wa nyengo) ya ku Kamuzu International Airport, komanso muimbireni munthu amene ali komwe mukupitako akuuzeni ngati mapiri akuoneka. Lamulo limafuna muziona makilomita osachepera 5, koma ngati maola anu ouluka akadali ochepa dziikireni malire anuanu okwererapo, ndipo okwera nawo muwauziretu kuti zikavuta tibwerera. Apa musachite manyazi, chifukwa m'mwambamo abwana akayamba zoti "tangoyesani achimwene, msonkhano wayamba kale" kukana kumavuta zedi.

Nyengo zathu mukuzidziwa. Juni ndi Julayi nkhungu imakuta mapiri a Viphya, ndipo ngozi ya ku Chikangawa ya pa 10 Juni 2024 yomwe inatenga a Saulos Chilima ndi anthu ena 8 inachitika nyengo itaipa chonchi. Seputembala ndi Okutobala ndi utsi wa lupsa. Dzinja ndi mvula ya mabingu masana, mtambo wakewo muziulambalala patali, nyamukani m'mamawa.

Chachiwiri, dzigwireni nokha msanga. Mukaona kuti mwayamba kutsika pang'onopang'ono kuti mukhale kunsi kwa mitambo, phiri la Kasungu lomwe mumaliona patali lija lasowa, msewu wa M1 ukungooneka mwa apo ndi apo, tembenukani pompo kumbuyo kusanatsekeke.

Chachitatu, ngati mwalowa kale mumtambo, chotsani maso pa windo muike pa attitude indicator, chida choonetsa momwe ndege yapendekera. Thupi limanama abale, m'khutu mumakuuzani kuti mwawongoka pomwe phiko lapendekeka ndipo mphuno yaloza pansi, mukakoka chiwongolero ndiye mukungowonjezera kuzungulirako. Kafukufuku wa ku University of Illinois mu 1954 anapeza kuti oyendetsa osaphunzira kuuluka podalira zida zokha, akasiya kuona kunja, ankasokonekera m'masekondi pafupifupi 178 okha. Ndiye wongolani mapiko kaye, onani heading yanu (komwe mwaloza pa kampasi), kenaka khotani mofatsa madigiri 3 pa sekondi, mphindi imodzi mwaloza komwe mwachokera. Musapendeke kwambiri, musagwedezegwedeze mutu. Ngati pali mapiri pafupi kwerani mupitirire nsonga zake, osati kutsika kufunafuna nthaka. Autopilot, chida choyendetsa ndege pachokha, ngati ilipo iyatseni.

Chachinayi, ndege ikakhazikika m'pamene mugwire wailesi. Nenani Mayday katatu kwa a ku tawa kapena pa 121.5 (tchanelo cha wailesi cha pangozi), transponder (kachida kokuonetsani pa radar) ikani 7700, nambala ya pangozi. Auzeni mosabisa kuti simukuona kanthu ndipo za zida simunaphunzire.

Chachisanu, terani mafuta akadalipo komanso kusanade. Kaya pa bwalo la Kasungu kaya kubwerera ku Lilongwe, zikakanika ngakhale pamalo osalala, kungoti dambo m'dzinja limatitimira ndipo mizere ya m'munda wa fodya imagubuduza ndege, ndiye lizungulireni kaye muone mawaya ndi zulu.

Kukhota kuja musadikire kukuphunzirira mumtambo weniweni. Pezani mphunzitsi akuvekeni chotchinga m'maso chija choti muziona zida zokha, muzibwereza miyezi ingapo iliyonse, makamaka mvula isanayambe mu Novembala.